Pakati pa r ndi n

Makiyi a nyumba nambala 14 anali m'thumba la jekete langa,
nditawamangirira kale kansalu kofiira
monga ndimachitira ndi aliyense wogula koyamba.
Desmond Thackray anafika asanavule yunifolomu,
kolala ikununkha dizilo wa basi ya ku Hillsborough,
Noreen kumbuyo kwake, tepi yoyezera makatani ili m'manja.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akuponya kubanki
zotsala pa lendi, za ovataimu ya pa Khirisimasi,
za tchuthi chimene sanapiteko.
Mapaundi zikwi makumi anayi ndi ziwiri.
Ankatchula chiwerengerocho motsitsa mawu
ngati dzina la mwana amene sanabadwe.

Ndinaimbira loya kuti ndimve ngati ndalama zalowa.
Mayi Wilmot anati: ndalama ziti?

Imelo inabwera Lachinayi usiku.
Chidindo cha ofesi chinalipo, siginecha yomweyo,
ngakhale kanthabwala ka mvula ya ku Sheffield
kamene mayiwo amatsekera nako makalata awo.
Inati akaunti yathu yasintha, tumizani kuno
mawa dzuwa lisanafike paliwombo,
apo ayi nyumba ipita kwa wina.
Desmond anasiya nkhomaliro, nakaima pamzere.
Kalaliki anamufunsa ngati akuwadziwa eni akauntiyo.
Anati eya. Sanali kunama.

Tinaikulitsa pakompyuta yanga
mpaka zilembo zinanenepa ngati zala.
Pamene panayenera kukhala m
panali r ndi n, zitakumbatirana.
Kampata kake sungalowetsemo tsitsi,
koma nyumba ya zipinda zitatu inadutsa pomwepo
ndi masitepe ake olira, ndi kamunda kakuseri,
ndi mtengo wa maapozi umene Noreen anali ataudulira kale m'maganizo.

Tsoka silinunkha, amatero.
Ili linkanunkhira sopo wa muofesi.

Chimene sindinanene tsiku limenelo:
mbalayo inakhala m'makalata anga masabata asanu ndi limodzi.
Pasiwedi yanga inali dzina la galu wanga ndi chaka changa chobadwa.
Inkawerenga mwakachetechete, osasuntha kanthu,
inadziwa mtengo, inadziwa tsiku,
inadziwanso kuti Desmond amayankha mauthenga akaweruka usiku, maso ali lende.
Sinathyole loko. Sinasiye phazi pakhomo.
Ndinakawauza Lolemba, nditaimirira,
chifukwa mpando umene anandipatsa sindinkauyenera.

Banki inagwira mchira wa ndalamazo, zikwi khumi ndi chimodzi.
Zina zinali zitagawidwa kale timagawo,
zitadumpha malire atatu ife tikumwa tiyi wozizira.

Tsopano aliyense wolowa muno ndimamukhazika pansi
asanaone ngakhale chithunzi cha khonde.
Nambala ya foni ya loya ndimailemba ndi bolopeni, papepala,
ndimaipinda n'kumufumbatitsa.
Ndimati: akaunti sisintha pa imelo.
Kalata ikakuthamangitsani, ichedwetseni inu.
Imbani nambala iyi, osati ya m'kalatayo,
mumve mawu a munthu akuwerenga manambala limodzilimodzi.
Tumizani paundi imodzi kaye, ikafike, ikayankhe.
Ngakhale kalatayo ichokere kwa ine, ndikayikireni.

Ena amaseka, amati mayi Ackroyd mwakalamba ndi mantha.
Mnyamata wina dzana anayang'ana wotchi kawiri.
Ndinamusiya ayang'ane, ndinabwereza zonse kuyambira poyamba.

Nyumba nambala 14 inagulidwa ndi anthu a ku Rotherham.
Anaika makatani obiriwira, afupi pang'ono.
Desmond ndimamuona nthawi zina pa mphambano ya Langsett,
amakweza zala ziwiri pachiwongolero, ine ndimakweza dzanja,
basi imapita.

Tepi ya Noreen idakali m'dirowa yanga.
Anaiiwala pa desiki Lachisanu lija,
itatambasuka mpaka pa masentimita zana ndi makumi asanu ndi limodzi,
muyeso wa zenera la kukhitchini.
Sindinaibweze m'chikombole chake.
Ndikuopa kaphokoso kamene imachita ikamatsekeka.