Chipinda Chachitatu, Kunja kwa Mpanda

Pomwe pali laibulale yawo
ndi pomwe ndinkakumba kachewere.
Ndimadziwira mkuyu uja anausiya pakona,
wokhawo womwe makina sanaugwetse
chifukwa woyendetsa anaopa njuchi.

Chaka choyamba anali makalasi atatu
ndi chikwangwani chachikulu kuposa makalasiwo.
Tinkaseka pamjigo:
yunivesite yanji yopanda ngakhale thanki ya madzi?
Kenako kunabwera malole a mchenga,
kenako nyumba yosanja,
mawindo ake kupenya phiri la Dedza
ngati akufuna kuliwerenga.
Lero mpanda wafika kukhwawa
komwe malemu bambo a Kumbukeni ankamwetsa ng'ombe.

Koma nyumba zogona ndi ziwiri zokha.
Mabedi mazana awiri, akutero,
ophunzira kupitirira chikwi.
Otsalawo amatsika minibasi pamsewu wa tala,
chikwama pamutu,
matiresi omangidwa ndi mphira wa njinga,
kugogoda khomo ndi khomo:
"Mayi, chipinda chilipo?"

Ndiye ndinatulutsa mbuzi.
Khola ndinalimata, ndinaboola zenera,
malata asanu ndinakongola kwa a Chimbalanga
omwe mpaka lero amandipatsa moni wautali.
Momwe ndinkasungira mbewu munalowa bedi.
Zipinda zitatu, bafa limodzi,
chingwe chimodzi choyanikira
chomwe chimayambanitsa anthu Loweruka lililonse.

Choyamba muli anyamata awiri a ku Nsanje.
Juni atafika anandifunsa
ngati kuziziraku ndi matenda kapena nyengo.
Amagona ndi nsapato.
Chachiwiri muli mphunzitsi wa imvi,
wabwera kudzawonjezera pepala,
amachapa yekha malaya usiku
kuti ana asamuone.

Chachitatu ndi cha Sungeni.
Mayi ake amagulitsa tomato pa Lizulu.
Amaphunzira zowerengera ndalama,
ndalama zomwe iye alibe.
Magetsi akazima ndimamva akunong'ona manambala
pa kuwala kwa foni,
nkhungu itakuta pabwalo,
mbaula itazizira kalekale.
Mwezi uno ndi wachitatu asanalipire.
Ndikafika pakhomo pake ndi mawu okonzeka
ndimapeza soya wa dzulo m'kambale,
mawu aja amabwerera kummero.

Kope la lendi amandilembera ndi iyeyo.
Anajambula mizere ndi rula:
olipira uku, angongole uku.
Dzina lake analilemba yekha kumbali ya ngongole,
bwinobwino, mosanjenjemera,
nkuikapo kamzere kunsi.

Tsopano kuseri kwa mpanda kukukwera ina,
yosanja kanayi, akuti ya mabedi mazana asanu,
madzi otentha, mlonda pachipata.
Kumbukeni wanga ali pomwepo,
thumba la simenti paphewa,
mayeso a fomu folo anakhoza bwino, pepala lili m'sutikesi,
akupaka pulasitala zipinda
zomwe sadzagonamo.
Madzulo amabwera woyera ngati wagwa m'chigayo,
Sungeni amamubwereka buku,
amawerenga masamba awiri, tulo nkumutenga.

Anzanga akuti ikadzatha nyumbayo
onse adzalowa m'kati,
ife tidzatsala ndi zipinda zopanda anthu
ndi ngongole za malata.
Ena akuti ayi, chaka chamawa abwera ochuluka,
mpanda sungameze onse.
Ine sindidziwa.
Walira mvula walira matope,
koma mvulayi sindinaiitane ndine.

Ndimangodziwa kuti mbuzi sizinaiwale.
Dzuwa likamalowa zimaima pakhomo la Sungeni,
kununkhiza chitseko,
kudikira kuti wina azitsekulire kwawo.
Iye amatuluka, cholembera m'kamwa,
kuziingitsa mwaulemu
ngati akupepesa eni nyumba.

Mawa ndipita kukakolola nyemba
pa kamunda kotsala kutsidya.
Ndidzadutsa pansi pa mkuyu,
mlonda adzandifunsa chiphaso,
ndidzamuuza kuti ndikungodutsa.
Njuchi zokha ndizo zimalowa ndi kutuluka
osalemba dzina m'buku.