Wotchi Yosweka Galasi

Pa khonde langa, kuseri kwa msika wa Zomba,
mawotchi onse akuti thu koloko masana
kupatula imodzi yosweka galasi,
imene mwini wake sanabwerenso kudzatenga.
Imeneyo ndaipititsa patsogolo maola asanu ndi awiri
kuti ndidziwe mdima umene uli pa iwe, Mwandida.

Walemba kuti watera ku Incheon,
ndege inayo inyamuka mawa,
wapeza benchi pafupi ndi soketi,
watsamira chikwama, ukudikira kuche.

Mwana iwe, dzukapo pamenepo.
Benchi ndi benchi, kaya ku Limbe kaya ku Korea.
Kasungitse katunduyo, risiti uibise m'sokosi,
ufunse sitima yopita m'tauni,
ukaone zimene anthu amadya akaweruka.
Mlendo ndi mame, inde,
koma mame amanyowetsako udzu asanakamuke.

Faifi koloko kuno. Ndikutolera timasikuluu m'chitini,
chifunga chayamba kutsika phiri,
foni yanjenjemera m'thumba.
Chithunzi: tenti yofiira m'mbali mwa msewu, nthunzi tolo,
mayi wa epuloni akukupakulira za tsabola,
iwe misozi mbwembwembwe, ukuseka.
Akuti simunamvane ngakhale liwu limodzi
koma msuzi wachiwiri sanakulipiritse.
Ndaonetsa Che Mdoka wosoka nsapato,
iye akuti, tsabola wake angapose kambuzi?

Ndakwera kabaza mpaka ku Matawale.
Magetsi azima. Kwanuko akuti ngakhale milatho imayaka.
Walowa m'nyumba yosambiramo
mmene anthu amagona pansi, simenti yake yofunda,
agogo, ana asukulu, bambo wina wa mkonono,
onse yunifolomu imodzi ngati odwala ku Central.

Pali chimene sindinakuuzepo bwinobwino.
Ine Zomba sindinabwere, ndinkangodutsa.
Basi yochokera ku Mangochi inafera pa Chinamwali,
kondakitala nkuti sipeya ifika mawa.
Anzanga anafunda matumba m'mipando momwemo.
Ine ndinatsika, sutikesi pamutu,
ndinayenda wapansi kulowa m'tauni yachilendo,
ndinaima pa mlatho kumvetsera Mulunguzi,
ndinawerenga zikwangwani za masitolo otseka
mpaka lipenga la asilikali litalira.
Pa depoti panali mtsikana wa ketulo yakuda
akugulitsa tiyi ndi chinangwa chophika.
Ndinamwa makapu atatu, ndalama inali ya kapu imodzi.
Basi inakonzedwa, inadutsa, inaimba hutala.
Ntchito ya ku Limbe ija mwina ikundidikirabe.

Mayi ako atembenuka pa bedi, akuti,
zimitsani foniyo, bambo,
mwamutuma nokha kuti azikayenda usiku,
nanga akakapeza wa ketulo kumeneko?
Ndaseka. Kenaka kuseka kwandithera pakhosi.

Leveni koloko. Kwa iwe kukucha.
Uli pa msika wa nsomba, nsapato zanyowa,
wajambula chamoyo cha miyendo isanu ndi itatu
chikukwawa kutuluka m'beseni,
ukufunsa ngati a ku Kachulu angachigule.
Ndayankha mawu awiri okha: yang'ana nthawi.
Ndafufuta. Ndalembanso. Ndatumiza.

Agalu a ku Sadzi akuyankhana ndi a kuno.
Wotchi ndaiika pa mtsamiro,
ikugunda ngati mtima wa nkhuku yogwidwa.
Ndakonza mawotchi zaka makumi atatu ndi zisanu,
sindinaonepo muvi waulesi chotere.

Fili koloko, tambala woyamba asanaganize zolira:
Ndakwera, ababa. Mpando wa pawindo.
Malaya akununkha adyo ndi utsi,
m'thumba mwatsala kakobiri kamodzi, nkanu.

Ndadzutsa mayi ako kuti amve.
Akuti anamva kale, sanagone.

Mawa pa khonde ndidzaitsegulanso wotchi ija.
Undiuze, kumene ukupitako
ndiwonjezere maola angati.