Atatu pa Tebulo Limodzi

Pa Kamwendo, kuseri kwa chigayo cha a Kapatuka,
ndili ndi kachipinda ka malata asanu ndi limodzi.
Chikwangwani chimati: Timataipa, Timapulinta.
Makompyuta atatu pa tebulo limodzi,
fumbi la gaga limawagwera mofanana
koma mitima yawo, aliyense wakewake.

Wapakatiyo ndi Windozi.
Amadziwika ngati msewu wa ku Mwami:
mwana wa sekondale akangokhala pampando
zala zimapeza zokha njira.
Pulinta imamumvera ngati mwana wobala yekha.
Koma khomo lake lilibe chitseko.
Fulashi iliyonse yochokera kobena nyimbo
amailandira ndi manja awiri,
kukacha mafayilo asanduka mizukwa,
dzina lilipo, ukadina mulibe kanthu.
Bandulo amaidya mwakachetechete
ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga,
ndipo pakona pa sikirini amandikumbutsa tsiku ndi tsiku
za chiphaso chimene sindinalipire,
kuposa wamsonkho wa pamsika.

Wakumanzereyo ndi nkhalamba,
bokosi lachitsulo lomwe sukulu ina inataya.
Mphwanga Yotamu, atabwera kutchuthi,
anamuthira Linakisi, nati,
uyu ndi waulere, sapempha kanthu.
Nkhalamba inatsokomola kamodzi
n'kuyamba kuthamanga ngati ili ndi ngongole.
Mavairasi amafika pakhonde pake n'kubwerera.
Koma makani!
Iye ndi pulinta yanga sapatsana moni.
Ukafunsa chifukwa, amatsegula zenera lakuda bii,
kudikira mawu amene Yotamu yekha amawadziwa,
ndipo foni ya Yotamu imangoitana.
Kalata yoongoka bwino pa iye, ukapita nayo kwina,
mizere yakhota ngati ya mtedza mvula itakokolola.

Wachitatu ndi Maki,
mphatso ya achemwali a ku Joni.
Woyera mbee, wosatokota, wosauma.
Zithunzi za ukwati zinkatuluka pa iye
mpaka mkwatibwi kudzifunsa ngati ndi iyedi.
Mu Febuluwale magetsi anabwera mwaukali,
china chake chinapsa m'mimba mwake.
Amisiri a pa Boma anangomuzungulira,
zomasulira zawo sizinalowe.
Ku Lilongwe anatchula mtengo:
matumba khumi ndi awiri a soya.
Ndinamubweza pa minibasi, nditamufungatira.
Akadali pamalo pake. Ndimamupukuta.

Lachinayi lapitali anafika mnyamata pa kabaza,
maso psuu, pepala lopindapinda m'manja:
ndondomeko ya maliro a bambo ake,
mwambo uyamba thuu koloko ku Mkanda.
Ndinayatsa Windozi.
Iye anati, ndikudzikonza, musandizimitse,
timadontho tikuzungulira, makumi atatu pa zana,
makumi atatu pa zana,
makumi atatube.

Ndinasuntha mpando kupita kwa nkhalamba.
Anabadwa liti? Anasiya ana angati?
Nyimbo yoyamba ndi nambala chani?
Mnyamata ankayankha akuyang'ana pansi,
Linakisi nalemba moyo wonse wa munthu
pa tsamba limodzi ndi theka, osadodoma.
Koma kupulinta, ayi.
Tinakhala tonse chete, fulashi ili m'manja mwanga,
chigayo chikulira kuseri kwa khoma,
mpaka wapakatiyo anamaliza kusamba kwake
n'kulavula mapepala makumi asanu, ofunda.

Asanatuluke, mnyamata anaima pamaso pa Maki.
M'galasi lakudalo anadziona nkhope,
anapukuta misozi, nakonza kolala.
Ndiyo ntchito imene wakufayo anagwira tsiku limenelo.

Madzulo a Kapatuka anasuzumira, tsitsi lili mbuu,
akufuna kugulira mwana wawo wa ku koleji.
Mayi Nasilaza, wabwino ndi uti pamenepa?
Ndinati, kwanuko, chokonola ndi chogaya,
mungagulitse chiti?
Anatsegula pakamwa kuti ayankhe,
magetsi n'kuthima.
Chigayo zii. Atatu anga zii.
Tinakhala pakhonde tikukutumula ufa m'malaya,
kudikira.