Kufinya Ukwati wa Ajida

Kanema wa ukwati wa Ajida akulemera magiga atatu.
Bandulo yanga ndi yausiku, yotchipa ija,
ndipo Jafali akudikira ku Joni,
iye amene anatumiza ya mpunga ndi mbuzi ziwiri
koma mapepala sanamulole kudzanyambitako.

Ndiye ndakhala kuseri kwa shopu ya Twaibu kwa M'baluku
ndi laputopu yoguluka mabatani atatu,
yotentha ngati nsimbi yamakala.
Ndaikhazika pa njerwa kuti izipuma.

Poyamba yakana, ati failoyi siikuidziwa.
Foni ya mlamu inajambula m'chinenero chakechake,
mpaka ndiitembenuze kaye.
Pulogalamu ndinapempha pa fulashi ya mnyamata wa pa depoti,
yaulere ndithu,
kungoti imadinda dzina lake pachifuwa pa mkwatibwi.
Ajida andikhululukira.

Tsopano lumo.
Ndadula mphindi khumi ndi zinayi
zomwe wojambula anaiwala kuzimitsa:
fumbi, masilipasi, nkhuku, chala chake chakuphazi.
Ndadula malangizo a Che Bakali.
Za kupirira ananena kasanu, kamodzi kakwana.
Ndadula minibasi yokana kulira pa msewu wa ku Namwera,
ndi azakhali awiri olimbirana beseni.
Zonsezi dzanja silinanjenjemere.

Koma pali masekondi makumi awiri
pomwe kamera inaphonya akwati
n'kupeza bambo pansi pa mtengo wa mango,
chisoti chitapendekeka,
akuseka.
Akuseka, akutsokomola, akusekanso.
Ramadani isanafike tinawaika m'manda.
Jafali sanaponyepo dothi.

Pamenepa lumo ndaika pansi.

Kufinya ndiye nkhanza ina.
Ndikatsitsa nambala, failo ikuonda bwinobwino,
koma nkhope ya bambo ikusweka timabokosi,
mano awo kadontho koyera basi.
Ndikakweza, bambo abwerera ndi makwinya awo onse,
bandulo n'kuperewera.
Ndiye tikunenerera mtengo, ine ndi makina,
ngati pa kaunjika tsiku lamsika:
tenga maluwa a pa zitenje,
tenga masamba a mangowo, tenga thambo lonse,
koma undisiyire maso.
Makina sadziwa kuti uyu ndani.
Kwa iwo bambo ndi khoma la njerwa n'chimodzimodzi,
zonse ndi kulemera.

Pa 87 peresenti magetsi athima.
Batire linafa chaka chatha.
Twaibu waseka mpaka kugwira kauntala,
kenaka wandigawira chinangwa chake chootcha.
Takhala mumdima, udzudzu ukutiwerenga akakolo,
kabaza womaliza akuliza belu kulowera kumlatho.
Abwera cha m'ma leveni.
Ndayambiranso pa ziro.

Magiga atatu asanduka mamegabaiti makumi asanu ndi limodzi.
Maola awiri asanduka mphindi zisanu ndi zinayi.
Ukwati wonse walowa pa kabowo ka singano,
ndipo kamzere kozungulira kakukwawa, kaima,
kakwawanso.
Ndakweza foni m'mwamba ngati zithandiza.

Wani koloko, tizizindikiro tiwiri tabiriwira.

Sanayamikire diresi. Sanafunse za mbuzi zake.
Mawu ake abwera a masekondi anayi,
kumbuyo kukumveka sitima:
"Kodi bambo ankaseka chiyani?"

Ndabwerera ku failo yaikulu ija, yosafinya,
ndakweza voliyumu mpaka sipika yalira.
Ng'oma zokhazokha, ndi nthungululu.
Wonena nthabwalayo ali kunja kwa chithunzi,
mkono wake wokha ndiwo ukuoneka,
malaya obiriwira, wotchi yakufa.

Mawa ndiyenda nayo foniyi khomo ndi khomo
kufunsa mwini mkonowo.
Magiga atatu aja ndawasunga pa fulashi,
ndakulunga m'kajumbo ka shuga,
ndaika m'sutikesi ya amayi, pansi pa makadi a sikelo.
Jafali akadzabwera
adzawaone bambo ndi kulemera kwawo konse.