Chithunzi Chomwe Chinawonongeka

Masabata awiri takhala tikukuzoloweretsa phokoso, Tuuli,
kukuyatsira pa foni kugogoda kwa makina
nthawi yogona, ngati n'kugona komwe,
iwe amene tulo timakuchezera
ngati mlendo wosavula jekete.

Lero takumana tulo ta masana.
Amayi ako akusambitsa katatu
poti madzi ndiwo chinenero chako,
ndipo unawamenya makofi mpaka denga kunyowa.

Tsopano ndi naini koloko usiku pachipatala cha Oulu.
Kunja chipale chofewa chakwirira njinga mpaka m'zishalo.
Mayi Rauha, oyendetsa makina, andilanda chitsulo chilichonse:
lamba, makiyi, ndi mphete yaukwati
imene inakana kuvuka mpaka sopo atalowererapo.
Akutseka makutu ndi tithonje tachikasu,
akulowetsa mwakachetechete, ngati dzira,
m'kamwa mwa chimphanga choyera.

Chatsala kunja ndi chala chako chakuphazi.
Ndachigwira.

Gu gu gu gu. Tiii. Gu gu gu.

Kuseri kwa galasi mutu wako ukutuluka magawomagawo,
wotuwa, wokhotakhota,
ngati nyanja zathu zouma ndi chisanu ukaziona uli m'ndege.
Dokotala Eskola akuyeza timisewu toyera
m'mene mawu akanadutsa
popita pakamwa pako.
Zaka zitatu ndi miyezi inayi,
sunanditchulepo.

Akuti pa ulusi wa khumi ndi chisanu wa chibadwa chako
panaduka kachidutswa, mbali yochokera kwa amayi.
Anabwereza kanayi kuti palibe wolakwa.
Kaisa anangomva koyambako.
Mpaka lero amati akamatsuka mbale
amaima, n'kumayang'ana zikhatho zake.

Ndiwe wachisanu ndi chinayi pa kaundula wawo.
Ena ali ku Tampere, wina kumalire a kumpoto,
ana oseka, osagona, okupiza manja ngati iwe,
amene makolo awo sindidzawadziwa.
Tinasaina pepala lonena mosabisa
kuti mwina sudzapindula nazo iweyo.
Mwina wina, wosabadwa.
Cholembera chinali chozizira.

Mphindi makumi atatu ndi imodzi.
Chala chija chagwedezeka m'dzanja langa.
Ndapemphera pemphero lachilendo kwa bambo:
usadzuke, mwana wanga, usadzuke.

Wadzuka.
Ndipo m'kati mwa chimphangamo,
m'mene akuluakulu amatuluka thukuta ndi mantha,
waphulika nako kuseka kwako kuja,
kochokera m'mimba, kwa ntchofu ndi dovu,
mpaka makina achita manyazi, akhala chete.

Mayi Rauha atuluka akupukusa mutu.
Zisanu zatheka, akutero, chomaliza chawonongeka,
anasuntha, changokhala nkhungu yokhayokha.

Ndavala lamba, ndatola makiyi.
Mphete yakana kubwerera pachala.
Ndafunsa ngati n'kololedwa
kunditsindikizira chowonongekacho.