Sitima Yomangidwa

Ndine Wistin, wopalasa bwato padoko la Valletta,
zaka makumi anayi nkhafi ili m'manja.
Chilimwe chino chipinda cham'mwamba,
muja ankasokera malemu Ġuża,
ndalowetsamo mtsikana wa ku Mongolia.
Dzina lake Oyuna. Masabata atatu okha,
akuti wadzaphunzira malamulo a panyanja.

Tsiku loyamba ndinaseka mpaka kutsokomola.
Kwanuko nyanja iliko?
Kulibe, anatero, kuli udzu wokhawokha
mpaka pamene maso alekezera,
koma mbendera yathu imakupiza pa sitima
zimene sizidzafika kwathu mpaka kalekale.

M'mawa amakwera masitepe amiyala, thukuta kamukamu,
buku lonenepa ngati njerwa lili kukhwapa.
Madzulo amabwera ndi manambala.
Mailosi khumi ndi awiri ndi a dziko,
mazana awiri ndi a nsomba zake,
kupitirira apo nyanja ndi ya aliyense.
Amajambula mizereyo papepala lokulungira buledi.
Ine ndapalasa moyo wanga wonse,
nkhafi yanga sinagundepo mzere.

Kuseri kwa khoma la doko kuli sitima yangoti njo,
dzimbiri likutsika m'nthiti mwake ngati misozi ya tiyi.
Miyezi khumi ndi umodzi nangula ali pansi.
Khothi linaimanga chifukwa cha ngongole,
inde, sitima amaimanga ngati munthu,
chikalata amamata pagalasi.
Mwini wake ndi bokosi la makalata pachilumba china,
foni yake imangoitana.
M'katimo muli amuna asanu ndi anayi.

Lachinayi lililonse ndimawapititsira madzi m'zigubu,
anyezi, sopo, nthawi zina ndudu.
Lachinayi lachiwiri Oyuna anathawa kalasi
nakhala phee kutsogolo kwa bwato,
nkhope itayera, m'mimba mukutembenuka,
dzanja limodzi pabuku, lina pamphepete.

Dodong wophika anatsitsa chingwe.
Mwana wake anabadwa mu Okutobala,
amamudziwa pafoni, intaneti ikalola.
Bwanji osangopita kwanu?
Ndikatsika, anayankha, amene adzakumbuke malipiro anga ndani?
Oyuna anatsegula buku, mphepo ikulimbana naye masamba,
nakuwa moyang'ana kumwamba:
sitimayi ikagulitsidwa, inu muli kutsogolo kwa mzere,
banki ili pambuyo panu, zalembedwa apa!
Dodong anagwedeza mutu mwaulemu.
Liti?

Anasanthula ndime, anasanthula zakumapeto.
Mafunde ankamenya chitsulo, phwa, phwa.
Tsikulo m'bukumo munalibe.

Pobwerera sitinalankhule.
Usiku nyali yam'mwamba sinazime,
ndinkamva mpando ukukhwekhwerezeka pamwamba pa mutu wanga.
Kutacha anandionetsa kalata,
mayina asanu ndi anayi, lililonse ndi miyezi yake,
anati apereka kwa pulofesa wawo,
mayi wa imvi amene amadziwana ndi maloya a bungwe la amalinyero.
Ndinafuna kunena kuti makalata ndawaonapo ambiri.
Ndinangomuthirira khofi.

Sabata yomaliza anajambulitsa pamasitepe onse makumi atatu,
a ku Peru, a ku Ghana, a ku Norway,
aliyense satifiketi pachifuwa.
Anandisiyira tchizi chouma chakwawo, cholimba ngati mwala wa doko,
mano anga otsalawa achilephera.
Paja mlendo ndi mame.

Tsopano ndi Seputembala, alendo achepa m'misewu.
Sitima ija ikadali pomwepo.
Dzulo kunabwera bambo wa jekete, atanyamula chikwama,
anafunsa mtengo wopitira kuseri kwa khoma,
m'dzanja muli pepala la mayina asanu ndi anayi.
Sindinamufunse kuti liti.
Ndinamuuza akhale pakati, asagwire mphepete,
ndipo poti linali Lachitatu
ndinakweza zigubu ziwiri zokha.

Pepala la buledi lija lili pansi pa botolo la mchere.
Mzere wa mailosi khumi ndi awiri
wadontheredwa mafuta, sukuonekanso bwino.