Chala Chikhale Panja

Ndinaigula Lachiwiri, ku Duluth, mu Novembala,
patatha masabata atatu khoti litauza Garrett
kuti asadzapondenso pakhomo panga.
Pepala la khotilo ndinalimata pafiriji.
Pepala silitseka chitseko.

Wogulitsa anaiika m'manja mwanga ngati khanda la eni.
Inali yolemera kuposa maonekedwe ake,
yozizira ngati mpope wa panja m'mamawa.

Loweruka lililonse ndinkapita kwa Mayi Rolanda Pruitt,
amene anasiya upolisi bondo litawakana.
Sankamwetulira. Ankangoti:
Mfuti iliyonse ili ndi chipolopolo,
ngakhale utachotsa zonse ndi manja ako.
Usaloze chinthu chimene sunakonzeke kuchilira maliro.
Chala chikhale panja
mpaka maso atakuuza dzina la amene waima patsogolo pako.
Ndinaboola mapepala mazanamazana,
n'kumabwerera kunyumba tsitsi likununkha onga,
makutu akulira okha.

Imagona pansi pa bedi, m'kabokosi kachitsulo
kodziwa chala changa chokha.
Linnea ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi
ndipo palibe kabati imene sanapisemo dzanja.
Ndimaipukuta iye akagona: kansanza, timafuta, kaburashi,
nyuzipepala yoyala patebulo
pomwe masana amajambulirapo akavalo.
Ndikamaliza ndimasamba m'manja kawiri
ndisanapite kukamufunditsa.

Ndiye unafika usiku wa mu Januwale uja.
Chipale chofewa chinali chitakwirira masitepe,
wotchi ya pachitofu itangodutsa 2 koloko.
Chogwirira cha chitseko chakuseri chinazungulira,
n'kubwerera. N'kuzunguliranso.

Sindikumbuka kugwada pansi pa bedi.
Ndimakumbuka mapazi anga pa matailosi ozizira,
mtima uli pakhosi,
ndi mthunzi wa mwamuna pagalasi la chitseko,
mapewa ake ndendende amene ndinkawadikira.
Miyezi iwiri ndinali ndikukonzekera mthunzi umenewu.
Chala chinafuna kulowa. Ndinachimva chikukwawa
ngati chili ndi mutu wakewake.

Dzina, anatero Mayi Pruitt m'khutu mwanga. Dzina kaye.

Ndinayatsa getsi la pakhonde ndi chigongono.

Bambo Arvo Koskela, a nyumba yachitatu,
atavala zogonera ndi silipasi imodzi,
nsidze zili mbuu ndi chisanu,
akuyesa kiyi wa galimoto pa loko wanga.
Aino, anaitana, tsegula, ndazizidwa.
Aino anamwalira ine ndisanasamukire mumsewu uno.

Ndinabwerera kuchipinda, ndinatsekera chitsulo chija,
ndinakoka chivundikiro kawiri kuti nditsimikize,
ndipo pokhapo ndinakatsegula chitseko.
Ndinawafunditsa bulangete la Linnea la nyenyezi,
ndinaviika mapazi awo m'madzi ofunda,
ndinaimbira foni mwana wawo.
Anamwa koko akundiyamikira chifukwa cha makatani
amene Aino sanasoke.
Kapu yanga inkangogogoda mano.

Kutacha mwana anafunsa chifukwa chake pansi panali ponyowa.
Ndinati kunabwera mlendo.

Anzanga a kuntchito amafunsa ngati ndinaigulitsa.
Ayi. Garrett akadali moyo, akadali ndi galimoto,
ndipo kuchokera ku Superior n'kungowoloka mlatho.
Ikadali pansi pa bedi. Ndimaipakabe mafuta.
Koma ndinaitana wamagetsi
kuti aike nyale yoyaka yokha munthu akaponda pakhonde,
ndipo madzulo ena, ndikamatsuka mbale,
ndimayang'ana chala ichi, chamkombaphala,
chimene chimalondola zilembo Linnea akamawerenga,
chimene chinangotsala pang'ono,
ndipo ndimachipinda, n'kuchiwongola,
n'kuchipindanso m'thovu la sopo.